Mapazi a Eneya Sitima Atasiya Kumva Moto

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, munthu akafuna kulozera mlendo a Eneya Sitima sankanena za nkhope. Ankangoti, "Muziyang'ana pansi. Mukaona mapazi otambalala ngati makasu awiri, ong'ambika m'zidendene, ndi omwewo."

Anafika zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi atavalapo nsapato kamodzi kokha, tsiku lodalitsa ukwati wawo ndi a Belita, ndipo zinali zobwereka. Atangotuluka m'tchalitchi anazivula n'kuzinyamula kumanja, ati zikuwatsekera mpweya. Ntchito yawo inali yotsitsa nkhuni ndi matabwa kuchokera m'phiri, m'tinjira totsetsereka timene ngakhale mbuzi imayamba yaima kaye n'kuganiza. Napolo wa mu 1991 atagumula phiri, iwo anali kumunda m'mbali mwa mtsinje. Anathawa miyala ikugubuduka kumbuyo kwawo, ndipo pomwe anakaima khasu linali likadali m'manja. Koma pamudzi pa akazi awo, pomwe ankakhala chikamwini, zonsezi sizinawapatse mawu. Alamu awo akamakambirana za malire a munda, a Eneya ankatumidwa kukatenga mipando.

Pa nkhani ya mankhwala anali ndi lamulo lawolawo: mankhwala enieni amadziwika ndi kuzunza. Jakisoni ankamulemekeza koposa, makamaka uja wotupitsa thako. Pambuyo pake pankabwera mankhwala owawa. Osawawa ankati ndi maswiti a boma.

Mu 1998 chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka nthiti zinayamba kuwerengeka, ndipo kuchipatala anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu. A Walter, adokotala a pachipatala chaching'ono cha m'deralo, omwe kwawo kunali ku Ntchisi, anawapatsa mapiritsi oti amwe miyezi isanu ndi itatu. A Belita anapatsidwa khadi loti azichonga m'mawa uliwonse akaona ndi maso awo kuti amuna awo ameza. Tsiku lachiwiri mkodzo unafiira monga a Walter anachenjezera, ndipo a Eneya anatuluka kuseri kwa nthochi nkhope ikuwala.

"Amake Favour, bwerani mudzaone! Awa ndiye mankhwala. Akuchapa mpaka magazi akalekale."

"Zionereni nokha, bambo," anayankha a Belita.

Chifuwa chinachepadi. Koma m'mwezi wachitatu mapazi anayamba zachilendo. Ankamva ngati linthumbu lawalowa m'zala, nthawi zina ngati aponda phulusa lotentha, koma akayang'ana palibe kanthu. Tsiku lokatenga mankhwala anawauza a Walter.

"Madala, m'thupi muli mitsempha ya mitundu iwiri," anatero a Walter. "Ina ndi ya magazi, ija mumaiona pamkono. Ina simungaione, ndi yopyapyala kuposa ulusi, ndipo ntchito yake ndi kunyamula uthenga. Munaonapo anthu akupatsirana njerwa pa chitukuko? Uyu alandira, apatsa mnzake, mnzakeyo apatsa winanso. Chala chikaponda munga, wa kuchala amauza wa kumsana, wa kumsana amauza wa m'mutu, ndiye inu mumati mayo. Tsono amodzi mwa mankhwala a chifuwawa amawalanda chakudya onyamula uthengawo. Oyamba kumva njala ndi a kumapazi, poti ndiwo akutali kwambiri. Akamva njala amayamba kubwebweta, ati linthumbu, ati moto, pomwe palibe. Kapiritsi aka ndiye chakudya chawocho. Kamodzi pa tsiku. Kachasu mumusiye kaye, nayenso amawalanda."

A Eneya ankagwedeza mutu mwaulemu, koma maso anali pa kapiritsiko. Kanali koyera, kochepa kuposa njere ya nandolo. Ali m'njira anakanyambita. Sikanawawe. Anakameza masiku atatu, mkodzo sunasinthe, mutu sunazungulire, palibe chomwe kanachita. Mwamwayi wawo khadi la a Belita linalibe malo ochongera kapiritsi katsopanoka, choncho anawauza kuti adokotala ati aka n'komwera kumunda masana.

Sabata yomweyo chitopa chinalowa m'mudzi. Nkhuku zinayamba kuwodzera m'mphepete mwa nyumba, ndipo aliyense ankazithirira m'madzi chomwe ali nacho: wina tsabola, wina phulusa, wina makapisozi otsala. A Eneya anapera timapiritsi tija n'kuzithirira nkhuku zawo. Nkhuku zawo zonse zinafa kupatula tambala mmodzi wofiira wopanda nthenga m'khosi, amene mwina akanapulumuka ndi madzi okha. Apa anadziwa zinthu ziwiri: kuti adokotala anawapatsa mankhwala a nkhuku, ndiponso kuti tambalayo asadukize kumwa.

Mvula itakhazikika, linthumbu lija linaleka lokha. Moto uja nawo unazima. Mapazi anangokhala zii, ngati akuyenda pa thonje.

"Ndachira, amake Favour," anatero. "Thupi lamunthu wogwira ntchito limadzichiza lokha."

Anabwerera kuphiri. Anagwa kawiri ndi mtolo pamalo omwe kale ankadutsa osayang'ana, koma anati mvula ya chaka chino yasuntha miyala.

Tsiku lina la msika ku Chiringa, atagulitsa nkhuni, anaima pagulu la abambo amene ankakangana za zipani, poti chisankho cha 1999 chinali pafupi. Pambali pawo mayi wina dzina lake a Magret ankawotcha chimanga chachiwisi. Njinga inagunda mbaula yawo, makala n'kumwazika. Anthu analumpha uku ndi uku, kenako mkangano unapitirira. A Eneya anali mkati mofotokoza kuti zipani zonse ndi ana a munthu mmodzi pomwe a Magret anakweza mphuno.

"Kodi akuwawula chikopa ndani kuno?" Anayang'ana pansi n'kukuwa. "Abambo inu, mwaponda moto!"

A Eneya anatukula phazi lamanja. Khala lofiira linali litakanirira pakati pake, kautsi kakutuluka. Analichotsa ndi kamtengo. Anachita mantha, chifukwa anadziwa kuti phazi la munthu silichita chotero. Koma atadzutsa mutu anapeza msika wonse uli chete, maso onse ali pa iwo, ndipo anali maso amene sanayang'anidwepo nawo chibadwire. Iwo anameza mantha aja.

"Timoto ta makala iti?" anatero, n'kuponda pansi.

Asanafike kwawo nkhani inali itafika kale. Ena anati amalume awo a ku Mozambique anawatemera mankhwala ali khanda. Ena anati n'chifukwa chake napolo anawalambalala. Anyamata a pamsika anayamba kuwagulira kachasu kuti awaone akuzimitsa ndudu ndi chidendene. Akulu a mpingo anagwirizana kuti munthuyu afunsidwe, koma posankha wokamuitana aliyense anapezeka ndi chochita. Chomwe chinawakhudza mtima a Eneya chinali china. Pa zokambirana za banja Lamlungu lotsatira, mlamu wawo wamkulu, yemwe uja wowatuma mipando, anadzuka yekha n'kuwaikira mpando, n'kufunsanso kuti, "Nanga inu a Sitima mukuona bwanji?"

Nkhaniyi inawapeza a Fraser, mwini zigayo ku Limbe, amene anabadwira m'dera lomweli ndipo anakumbukira zimenezi chisankho chitayandikira. Ankafuna uphungu wa Nyumba ya Malamulo. Anabwera okha pa galimoto mpaka pomwe msewu unathera, kotsalako anayenda akupukuta thukuta.

"Madala Sitima, inu ndinu chuma cha dera lino," anatero atagwira dzanja lawo ndi manja awiri. "Ine ndisanalankhule pamsonkhano, inu muzidutsa pa makala anthu akuona. Ndiye ine ndizinena kuti chipani chathu sichipsa."

Anawasiyira malaya okhala ndi nkhope ya a Fraser pachifuwa, ndi nsapato zakuda zonyezimira.

"Izi muzivala kunyumba," anaonjezera. "Pamsonkhano ayi."

A Eneya anazimanga zingwe n'kuzipachika kudenga.

Msonkhano woyamba unali pabwalo la mpira. Anayala makala, ng'oma zinalira, a Eneya anadutsa osathamanga, manja ali kumbuyo ngati mphunzitsi wamkulu. Amayi analuluta. Anyamata anawanyamula paphewa mpaka m'galimoto, ndipo izi zinathandiza, chifukwa palibe anaona kunsi kwa mapazi.

Amene anaona ndi a Belita, patapita masiku anayi. Anayamba aona ntchentche zikutsatira amuna awo, kenako madontho pamkeka.

"Bambo a Favour, phazi ili likuwola."

"Likupweteka ndani?"

"Likununkha."

"Ndafunsa kuti likupweteka ndani. Mwini wake ndine, sindikumva kanthu. Chosapweteka si matenda."

A Belita sanali munthu wokweza mawu. Anatenga tsache, n'kunena akusesa: "Tambala wanu uja wanenepa. Kukhola ndapezako timapepala ta kuchipatala."

A Eneya anayang'ana kuphiri ngati kuli nkhani.

Msonkhano waukulu unakonzedwa kuti ukachitike ku Nkhulambe Loweruka. A Fraser anatumiza uthenga kuti makala ayalidwa motalika kawiri, chifukwa a chipani china abweretsa oimba a magitala. Koma Lachinayi linali tsiku lokatenga mankhwala a chifuwa a mwezi womaliza, ndipo a Eneya sanafune kuti a Walter aone bala. Anakulunga phazi lamanja ndi kansalu, anatsitsa nsapato zija n'kuzivala. A Belita anachedwa kutuluka, ankafunafuna kiyi wa loko. Anayang'ana m'chitini cha mchere, pansi pa mkeka, pazenera, osamupeza. Pomaliza anamanga chitseko ndi luzi n'kunyamuka.

Anayenda maola awiri. A Eneya anali patsogolo, akunyang'wa, akuyankha moni wa anthu ndi dzanja limodzi.

A Walter atawaona anaika cholembera pansi. "A Sitima mu nsapato? Kwagwanji, mwasankhidwa kale? Tavulani tione."

"N'zatsopano, adokotala, zimavuta kumanga."

"Ndikuthandizani kumanga. Vulani."

Anayamba ndi yakumanzere, poti phazi limenelo ankalidalira kuti lilibe bala lalikulu. Itangovuka, chinthu chinagwa pa simenti n'kulira kuti ngwee.

"Kiyi wanga!" anakuwa a Belita. Anali ataiwala kuti chipachikire nsapatozo, iwo anaona kuti ndi malo abwino osungiramo kiyi, poti palibe ankazivala.

Palibe anaseka. Kiyi uja anali atadinda chithunzi chake chonse kunsi kwa phazi, mano ake atalowa m'mnofu, ndipo sokosi ikanakhalapo ikananyowa magazi. A Eneya anayang'ana kiyi, anayang'ana phazi. Pa moto paja anthu ankawomba m'manja, ndipo munthu akamawomberedwa m'manja saganiza bwino. Kiyi analibe womuwombera m'manja. Anangoyenda naye maola awiri osadziwa.

A Walter anamasula kansalu ka phazi lamanja n'kutsegula zenera.

"Tsinzinani," anatero. "Ndikakugwirani ndi cholemberachi munene kuti ndagwira pati."

"Pachala chachikulu," anayankha a Eneya msangamsanga.

"Sindinayambe."

Atayamba, anagwira zala, chidendene, kakolo, a Eneya ali duu. Anadzamva cholembera chitafika pakati pa katumba.

"Kapiritsi kaja mumamwa?"

"Funsani tambala," anatero a Belita chapansipansi.

A Walter anapukusa mutu. "Madala, onyamula uthenga aja analira njala, inu osawayankha. Kenako anatonthola. Inu munati mwachira, koma kutonthola kuja kunali kukomoka. Palibe munthu amene thupi lake silipsa. Phazi lanu lakhala likupsa ngati la wina aliyense, kungoti wokuuzani palibe. Ululu ndi mlonda, ndipo pakhomo panu mlonda wagona. Bala ili latsala pang'ono kufika pafupa." Anatenga cholembera chija n'kulemba mzere kuzungulira mwendo, pansi pa bondo. "Loweruka mukakapondanso moto, kuchipatala chachikulu akadula apa."

"Adzuka, onyamula uthengawo?"

"Ena adzuka, mukamawadyetsa tsiku ndi tsiku n'kusiya kachasu. Amaphuka pang'onopang'ono, miyezi yambiri. Ena ndiye basi."

Anatsuka mabala, anawamanga, n'kuwabaya jakisoni wotupitsa thako. Uyu yekha a Eneya anamulandira ndi mtima wonse. Pobwerera anakwera njinga, nsapato zili pamiyendo ya a Belita.

Loweruka m'mawa anavala malaya a nkhope ya a Fraser n'kukhala pakhonde. Iwo eni sankadziwa kuti avaliranji. Ankaganiza za mzere uja, umene unali usanafufutike. Ankaganizanso za mpando umene mlamu wawo anawaikira, ndipo kunena zoona mpandowo unkalemera kwambiri mumtima mwawo. Zaka makumi awiri akutumidwa ngati mwana, ndiye aubweze chifukwa cha bala limene salimva n'komwe?

Galimoto inamveka kumsewu, chimkuzamawu chikuitana anthu kuti adzaone munthu wosapsa. A Fraser anafika ndi gulu kumbuyo kwawo. A Belita anali pambali akusenda chinangwa, osadzutsa mutu.

"Madala, nthawi! Makala ayaka kale. Nanga nsaluzi n'zachiyani? Masulani, anthu anganene kuti mwabisamo kanthu."

A Eneya anamasula pang'onopang'ono. Anthu amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo. A Fraser anatulutsa kampango n'kutseka mphuno.

"Likupweteka?" anafunsa kudzera m'kampangomo.

"Ayi, bwana."

"Nanga vuto lili pati? Chosapweteka si matenda, madala. Kwerani tizipita."

Mawu amenewa a Eneya ankawadziwa bwino. Ali m'kamwa mwawo ankamveka anzeru. Tsopano anawamva akutuluka m'kamwa mwa munthu wovala nsapato ndi sokosi, amene waima patali ndi fungo. Anayang'ana akazi awo. Mpeni wa a Belita unali utaima pakati pa chinangwa.

"Sindikwera, bwana," anatero. "Ndilibe mankhwala aliwonse ine. Ndikudwala. Adokotala akuti phazi likupsa, koma uthenga wake sukufika kumutu."

"Ndiwauza chiyani anthu ku Nkhulambe?"

"Muwauze zomwezo," anayankha a Belita, mpeni utayambanso kuyenda. "Poti mukupita ku Lilongwe, ndi bwino nthendayi muidziwiretu."

Wina pagulu paja anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. A Fraser anapinda kampango kawo.

"Chabwino. Nsapato zija mundibwezere. Malayawo khalani nawo, pali nkhope yanga."

A Belita analowa m'nyumba, anatuluka ndi nsapato, anazigwedeza imodzi imodzi kuona ngati mulibe kiyi, n'kuzipereka ndi manja awiri atagwada.

Zoti akudwala anakhulupirira anthu ochepa. Ambiri anati mankhwala anasukuluka chifukwa anaswa chizimba. Ena anati a chipani china anawagula. Akulu a mpingo anapeza mphamvu n'kuwaitana, ndipo a Eneya anawaonetsa phazi, mlandu n'kuthera pomwepo mazenera ali otsegula. Pa zokambirana za banja zotsatira mlamu uja anati, "A Eneya, tatitengereniko mipando." Iwo anayankha kuti adokotala awaletsa kuyendayenda, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankabwera ndi mpando wake.

Bala linatenga miyezi itatu kuti lipole, ndipo linapita ndi kachala kakang'ono ka kuphazi lamanja. Mwendo unatsala. A Belita anajambula okha malo ena pa khadi, ochongera kapiritsi koyera, ndipo ankawauza amuna awo kuti atsegule pakamwa akameza. Tambala, atasiya kulandira mankhwala, sanasinthe chilichonse. A Fraser anapambana chisankho, ndipo anadzaonekanso m'deralo patapita zaka zisanu.

Kuphiri a Eneya sanakwerekonso. Anayamba kusema mipini ndi mithiko, n'kumagulitsa ku Chiringa atakhala pansi, pafupi ndi mbaula ya a Magret koma osati pafupi kwambiri. Anasoketsa nsapato za matayala, ndipo m'mawa uliwonse asanazivale ankazigwedeza, kenako n'kuyang'ana kunsi kwa mapazi ndi kagalasi kosweka, monga a Walter anawaphunzitsira. Anthu olozera alendo anasintha mawu. Ankati, "Muone bambo amene amadziyang'anira galasi kuphazi."

Chaka chotsatira, m'nyengo yokolola nandolo, anaiwala nsapato popita kukayanika mipini kuseri kwa nyumba. A Belita anali kumphero pomwe anamva mfuu.

"Mayo ine! Mayo!"

Anathamanga ufa uli m'manja. Anapeza amuna awo atakhala pansi, atagwira phazi lamanzere, munga utabaya pafupi ndi chidendene.

"Kwagwanji, bambo?"

"Munga uwu! Ukubaya ngati singano!"

"Mwaumva?"

A Eneya anasiya kubuula. Anayang'ana munga, anayang'ana akazi awo. A Belita, amene ngakhale pa ukwati wa mwana wawo Favour sanalulute, analuluta mpaka agalu a m'mudzi anayankha.

Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda, n'kupita kukauza anzake kuchitsime kuti n'zomvetsa chisoni, munthu uja ankayenda pamoto lero akulira ndi kamunga.

A Eneya anauzula munga uja. Kenako anadina pamalopo ndi chala, pang'ono, n'kudinanso, kuti amvenso.